Kusankha Mutu wa Phwando la Prom

M'dziko la America muli mwambo umene ana a sukulu za sekondale amaulota kuyambira tsiku loyamba kulowa m'kalasi. Dzina lake ndi prom. Limeneli ndi phwando la dansi lochitika usiku umodzi, kawirikawiri m'mwezi wa April kapena May, pamene a kalasi yomaliza ali pafupi kutsanzikana ndi sukulu. Dzinali lidachokera ku mawu akuti promenade, ndiko kuyenda mondondozana kwa alendo polowa m'bwalo la dansi. Mwambowu udayamba m'makoleji a kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo pofika m'ma 1930 unali utalowa m'sukulu za sekondale. Masiku ano ngakhale ana a ku Britain amachita prom akatha mayeso.

Usiku umenewo anyamata amavala masuti, atsikana madiresi aatali, mnyamata amaveka mtsikana duwa pamkono, ndipo dansi isanathe amalonga mfumu ndi mfumukazi ya phwando. Koma zonsezi zisanafike pali ntchito imodzi youtsa mikangano koposa zina zonse, ndiyo kusankha mutu wa phwando.

Kodi mutu umenewu nchiyani? Ndi ganizo limodzi limene zinthu zonse za usikuwo zimatsata: zokongoletsa, makadi oitanira, nyimbo, chakudya ngakhalenso zovala. Akasankha "Usiku wa ku Paris," amaimika m'holo chifanizo cha nsanja ya Eiffel chopangidwa ndi makatoni. Akasankha "Pansi pa Nyanja," nsomba zamapepala zimalendewera kudenga. Ena amayala kapeti yofiira pakhomo kuti mwana aliyense alowe monga katswiri wa kanema wa ku Hollywood. Itatuluka kanema ya The Great Gatsby mu 2013, sukulu zambiri zidakonda mutu wa mavalidwe a zaka za m'ma 1920.

M'sukulu zambiri okonza phwandoli ndi a kalasi yotsatana ndi yomaliza. Iwo amakhazikitsa kabungwe, namapatsidwa mphunzitsi wowalangiza, ndipo amayamba ntchito kudakali miyezi ingapo. Kabungweko kamasonkhanitsa maganizo a ana onse, kamawapeta monga apetera mphale kufikira patatsala atatu kapena anayi, kenaka ana amavota. Ndi mmene ziyenera kukhalira, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma popeta pali mafunso atatu ofunika kuwayankha moona mtima.

Loyamba ndi la ndalama. Thumba la phwando limadzazidwa ndi matikiti ndiponso ndi thukuta la anawo, amene amatsuka magalimoto ndi kugulitsa makeke. Mutu ukafuna zinthu zambiri zogula, mtengo wa tikiti umakwera. Chotero kabungwe kanzeru kamawerenga ndalama poyamba ndi kulota pambuyo.

Lachiwiri ndi la malo. Mu 1975 Susan Ford, mwana wa Pulezidenti Gerald Ford, adachita prom ya kalasi yake m'nyumba ya White House momwemo. Umenewo unali mwayi wake. Ana ambiri amavinira m'chipinda cha masewero cha sukulu yawo kapena m'holo ya hotela yolipira. Mutu uyenera kuyezedwa ndi chipindacho monga telala ayeza nsalu. Nyenyezi zamapepala zimakoma pansi pa denga lalitali, koma nsanja ya Eiffel m'kachipinda kakang'ono imangolanda malo a ovina.

Funso lachitatu ndilo lalikulu, ndipo ndi limene anthu amaliiwala msanga: kodi mutu umenewu utsekera yani kunja? Taganizani za mtsikana amene amayi ake amalera okha ana anayi. Anzake akavotera mutu wofuna diresi ya mikanda ndi nthenga kumutu, iye sadzanena kuti alibe ndalama. Adzangoti sakonda dansi, ndipo usikuwo adzagona msanga. Palibe wamuthamangitsa, komabe watsala kunja. Mutu wonga "Usiku wa Nyenyezi" suchita zotere, chifukwa katundu wake ali pa makoma ndi padenga, ndipo aliyense amabwera ndi chovala chimene ali nacho. Palinso mitu yokongola m'maso koma yolasa mtima. Mutu wokumbutsa nyumba zazikulu za eni minda ya thonje ungakondweretse ena, koma kwa mwana amene makolo ake akale adagwira ukapolo m'minda yomweyo ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Anthu a ku America ali ndi chifukwa chosamalira funso limeneli. M'tauni ya Charleston, ku Mississippi, ana achikuda ndi achizungu ankaphunzira m'kalasi imodzi koma ankavina ma prom awiri osiyana. Mu 1997 katswiri wa kanema Morgan Freeman adadzipereka kulipira phwando lonse ngati anawo atavina pamodzi, koma sadamuvomere. Adabwerezanso pempho lake, ndipo prom yoyamba ya onse idachitika mu 2008. Ku Wilcox County, ku Georgia, anali ana eni ake amene adasonkhanitsa ndalama ndi kukonza prom yotere mu 2013. Tsankho lotero ndi loonekera. La umphawi limayenda mwakachetechete, koma nalonso limasiya mpando wopanda munthu.

Ife kuno prom tilibe, koma phwando lotsanzikana ndi a Fomu 4 tili nalo, ndipo mafunso ake ndi omwewo. Tsono inu a Fomu 3 amene mudzasenza ntchitoyi, musazengereze kufikira mayeso atayandikira. Khalani pansi, werengani ndalama, yang'anani holo yathu yodyera mmene ilili, ndipo musanaponye voti kumbukirani mnzanu wa m'chipinda chogona amene sutikesi yake njopepuka koposa onse. Ngati iye angathe kulowa pakhomo mosachita manyazi, mwasankha bwino.