WAKUTSINA KHUTU NDI MNANSI: woona ngozi pa ntchito asakhale chete

MALOWERA (Marávia). Kuno ku Malowera, pafupi ndi malire a dziko la Zambia, ntchito zambiri zimagwiridwa kutali ndi maso a boma. Ena ali m'minda ya fodya ndi thonje, atabereka pampu ya mankhwala kumsana. Ena ali m'maenje a garimpo kufunafuna golide. Ena amagulitsa petulo wa m'zigubu ndi m'mabotolo m'mphepete mwa msewu. Oyendera malo a ntchito, a Inspecção Geral do Trabalho, ali ndi ofesi ku mzinda wa Tete, ulendo wautali kuchokera kuno. Choncho woyamba kuona kuti chinthu chalakwika amakhala mnzake wa wogwira ntchitoyo, mkazi wake, kapena munthu wongodutsa. Funso ndi lakuti: munthu wotereyu alankhule, kapena adzipitira poti si zake?

Chigawo cha Tete chinalipira kale mtengo waukulu pa funso limeneli.

Pa 17 Novembala 2016, pa mudzi wa Caphiridzange m'boma la Moatize, lole ya mafuta yochokera ku doko la Beira kupita ku Malawi inali itapatutsidwa pa msewu waukulu. Akuluakulu a boma ananena kuti cholinga chinali kugulitsa mafutawo mozemba. Anthu a m'midzi yozungulira anathamangirako ndi zigubu ndi ndowa kukatunga, ana ali pomwepo. Thanki inaphulika. Anthu oposa 40 anafa tsiku lomwelo, oposa 100 anapsa ndi kutengeredwa ku chipatala cha Tete, ndipo pamene masiku ankapita chiwerengero cha akufa chinapitirira 80. Dziko lonse la Moçambique linalira maliro masiku atatu.

Ambiri mwa amene anafa sanali antchito a lole imeneyo. Anali anthu a pamudzi, ena otunga, ena ongoonerera. Apa ndi pamene mawu akuti "si ntchito yanga" amathera mphamvu, chifukwa moto susankha kuti uyu ndi mwini wake, uyu ndi mlendo. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mphepo, umayenda chapansi ngati nkhungu, ndipo kamoto kakang'ono kamene kali patali kangathe kuuyatsa. Munthu mmodzi wodziwa zimenezi, akakweza mawu ndi kubweza ana, amapulumutsa mabanja.

Akuluakulu amene anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni amakumbukira dzina la Coalbrook. Pa 21 Januwale 1960, mgodi wa malasha umenewu, pafupi ndi Sasolburg ku South Africa, unagwa ndi kukwirira anthu oposa 430, ambiri a iwo ochokera ku Lesotho ndi ku Moçambique. Mitembo yawo ili pansi mpaka lero. Mgodiwo unali utachenjeza kale. Kumapeto kwa Disembala 1959 mbali ina inagwa, koma oyendetsa mgodi sanauze woyendera migodi wa boma. Pa tsiku la ngoziyo, masana, denga linayamba kugwa ndipo antchito anathawira kunja, koma ambiri anauzidwa kuti abwerere pansi. Patapita maola ochepa, mgodi unatsekeka. Amene ankadziwa anabisa, amene anaona ndi kuthawa sanamveredwe.

Kwathu konkuno, ku Moatize, mpweya woyaka wa mu mgodi unaphulika ku Chipanga VI m'chaka cha 1976 ndi kupha anthu pafupifupi 100. Mu Ogasiti 1977 unaphulikanso ku Chipanga III ndi kupha oposa 60. Mkwiyo unabuka, ndipo anthu anapha akunja 9 amene ankagwira ntchito pa kampani ya malashayo. Maliro anangochuluka. Mkwiyo wobwera ngozi itachitika sunadzutse munthu ndi mmodzi yemwe.

Nanga chimatseka pakamwa ndi chiyani? Zifukwa zake aliyense m'mudzi amazidziwa. Waganyu amaopa kuti akatsutsa kapitawo kapena mwini dzenje, mawa sadzaitanidwanso. Mnyamata amaona kuti kulangiza bambo wamkulu ndi mwano. Wina amaopa kunenedwa kuti ndi wanjiru, sakufuna kuti mnzake apeze ndalama. Choopsa kwambiri ndi ichi: munthu akanena kuti "dzenje ili ligwa" ndipo ligwadi, ena amatembenuka ndi kumuloza chala kuti ndiye walodza. Mantha a ufiti otere amapangitsa odziwa zinthu kukhala duu, pamene iwo anangoona zizindikiro zimene aliyense wopenya angaone.

Zizindikirozo si zamatsenga. Dzenje la golide likakhala ndi ming'alu m'mbali, dothi likamayoyoka lokha, madzi akamatuluka m'khoma pambuyo pa mvula, ndiye kuti likufuna kugwa, makamaka ngati mulibe mitengo yochirikiza. Injini yopopa madzi kapena jenereta ikayatsidwa m'dzenje kapena pakamwa pake, utsi wake uli ndi mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene umagwetsa munthu ngati tulo, ndipo wotsikira kukamupulumutsa amagwanso momwemo. Mekyule, amene ambiri amati mercúrio, akamawotchedwa kuti golide atsale, nthunzi yake imawononga ubongo ndi impso, ndipo imavulaza kwambiri ana ndi amayi apakati. Nchifukwa chake siyenera kuwotchedwa m'nyumba kapena pa moto wophikira. Wopopera mankhwala m'munda moyang'anizana ndi mphepo, wopanda chophimba mphuno ndi manja, amadzithira yekha poizoni. Chigubu chimene munali mankhwala sichisanduka chotungira madzi ngakhale chitatsukidwa kangati.

Malamulo ali kumbali ya wolankhula. Bungwe la zantchito la dziko lonse lapansi, limene pa Chipwitikizi limatchedwa OIT, linakhazikitsa mu 1995 pangano la nambala 176 lokhudza chitetezo m'migodi, ndipo dziko la Moçambique linalivomereza mu 2018. Panganoli limati wogwira ntchito ali ndi ufulu wouza bwana ndi boma za choopsa chimene waona, komanso wochoka pa malo pamene moyo wake uli pangozi. Ku South Africa ufulu wochoka pa malo oopsawu unalembedwa m'lamulo la migodi la 1996. Lamulo la ntchito la Moçambique nalonso limalamula olemba anthu ntchito kuti ateteze moyo ndi thanzi la antchito awo. Koma lamulo lili pa pepala, ndipo dzenje likayamba kung'aluka silidikira kalata yochokera ku Tete kapena ku Fingoè.

Kulankhula kuli ndi njira yake. Ngati ngozi ili pafupi, monga moto pambali pa petulo kapena khoma loyamba kugumuka, palibe nthawi ya ulemu: munthu afuule, anthu achoke. Ngati ndi chizolowezi choipa cha tsiku ndi tsiku, ndi bwino kumutengera munthuyo pambali, osati kumuchititsa manyazi pagulu, ndi kumuuza chimene chaoneka: "Bambo, pepani, khoma ili lang'aluka apa, taonani." Awiri kapena atatu akalankhula pamodzi, kapitawo savuta kumva, ndipo palibe mmodzi amene amasenza mlandu yekha. Zikakanika, nkhani ipite kwa amfumu, kwa mlembi wa mudzi, kwa mkulu wa posto ya Malowera kapena kupolisi.

Udindo waukulu uli kwa eni ntchito ndi mafumu. Mwini dzenje amene amathamangitsa wochenjeza amaphunzitsa ena onse kutseka pakamwa. Mfumu imene ikana pabwalo kuti wochenjeza atchedwe mfiti imatsegula pakamwa pa mudzi wonse. Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ku Coalbrook anthu anathawa nabwezedwa, ku Caphiridzange anthu anathamangira kumene kunali koyenera kuthawa. Nyengo ya mvula, imene imafewetsa makoma a maenje, imabwera chaka ndi chaka, ndipo imapeza anyamata a Malowera ali pansi.