Mukufuna kukagona kunyanja ngati bwana? Kwa ife a ku Mzimba, Disembala si mwezi wake

Mukatsegula mapu pafoni, boma la Mzimba ndi gombe la Chintheche zimaoneka ngati nyumba zoyandikana. Pakati pake pali mapiri a Viphya basi, moti anthu olimba miyendo amanyamuka wapansi ku Luwawa n'kukafika kunyanja patatha masiku atatu. Koma tafunsani anthu pamsika wa Jenda kuti ndi angati anakagonapo kunyanja pongofuna kupuma, osati kukaoda usipa wa geni kapena kukakhuza maliro. Mudzatopa n'kufunsa.

Amama ndi adada anali m'gulu limeneli. Atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 30 ali m'banja, achimwene anga amene amagwira ntchito ku Joni analemba pagulu lathu la WhatsApp kuti makolo akapumeko malo apamwamba, koti wina aziwayalira bedi, wina aziwaphikira, iwo n'kumangoyang'ana madzi. Ndalama zambiri atumiza iwowo, ife otsala tiponyepo kangachepe. Ntchito yokonza ulendo inagwera ine, akuti poti ndimakhalira pa intaneti tsiku lonse.

Achimwenewo ankafuna Disembala, ndipo ndinawamvetsa. Kwathu ndi mwezi umene ndalama imaoneka. Magalimoto a nambala za GP amadzaza pa boma, anyamata afika ndi katundu, maukwati ndi malowolo zili mbwee. Koma kunyanja nyengo imeneyi ndi ina. Mvula imakhala itayamba, ndipo Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma amene amalandira mvula yambiri m'dziko muno. Mitsinje imatsika ndi matope n'kudetsa madzi a m'mbali, udzudzu umachuluka, pomwe maloji amakhala odzaza ndipo mitengo imakhala pamwamba penipeni chifukwa cha Khirisimasi. Mumalipira zambiri kuti mukakhale pakhonde n'kumaonera mvula.

Miyezi yotsatira nayo ili ndi zake. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi osefukira anadula msewu wa M5 cha ku Dwangwa. Chaka chomwecho nyanja inakwera kwambiri moti malo ambiri ogona alendo anataya mchenga wawo, ena madzi anawalowera mpaka m'zipinda. Nyanjayi imadzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, kenako imayamba kubwerera pang'onopang'ono. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kumawomba mwera. Kuzizira kwake sikungaopse munthu wokulira kufupi ndi Chikangawa, koma mafunde amakula, ndipo ulendo wa paboti umasanduka pemphero.

Nthawi yabwino ndi Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Novembala. Kumwamba kuli mbee, madzi ayera, mchenga wabwerera. Okutobala amatentha zedi, ndiye ngati mukutenga akuluakulu ozolowera mphepo ya ku Mzimba, kumapeto kwa Seputembala n'kwabwinoko. Tsiku loti mulizembe ndi 15 Okutobala, la Anakubala. Limamveka loyenera kutengera amama kunyanja, koma aliyense amaganiza chimodzimodzi, ndipo magombe ambiri amadzaza ndi masipika ndi anthu oledzera. Ife tinasankha pakati pa sabata, Lachiwiri mpaka Lachinayi. Achimwene sanapite nawo, anaonera pa vidiyo ali ku Johannesburg. Zinawawawa, koma iwo omwe ndi amene ananena kuti ulendowu ndi wa makolo.

Funso la adada

Nditawauza adada za pulaniyi, sanafunse za gombe kapena chakudya. Anangoti, "Mwana wanga, ndalama imeneyo ndi matumba angati a feteleza?"

Musaliseke funso limeneli. Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi yomwenso banja la kumudzi limakhala likusaka feteleza ndi mbewu, fizi ya teremu yoyamba ili pakhomo. Munthu amene sakudziwa kuti munda wake udya chiyani sangagone tulo ngakhale mutamugoneka pa bedi la mfumu. Ndiye tinayamba tagula feteleza, matumba n'kuwaika m'nyumba iwo akuona, kenako tinawerenga zotsala. Zotsalazo zinakwana mausiku awiri pamalo abwino kwambiri, kapena asanu pamalo wamba. Tinatenga awiriwo. Ine ndimaona kuti ngati mwati chapamwamba, chikhaledi chapamwamba, ngakhale chikhale chachifupi. Masiku asanu osamba madzi ozizira a m'ndowa makolo anu ali nawo kale kunyumba.

Tsopano nkhani ya dola. Maloji ambiri apamwamba a kunyanja amalemba mitengo yawo m'madola chifukwa alendo awo ambiri ndi akunja. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chipinda cha $100 chimene chinali K118,000 chinadzuka chili K170,000, bedi lomwelo, mtsamiro womwewo. Amene anali atangolipira dipoziti, yotsalayo anaimva kuwawa. Choncho musanatumize kalikonse, pemphani kuti akulembereni mtengo wonse m'makwacha, ndipo anene kuti mtengowo ugwira mpaka liti. Funsaninso za mtengo wa anthu okhala m'dziko muno, umene amautcha resident rate. Malo ambiri ali nawo, koma sauika poonekera, ndipo amafuna chiphaso cha unzika mukafika.

Pali tina timene timapweteka anthu pa kauntala tsiku lobwerera. Mtengo umene mwauona, ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi? Malo apamwamba amakonda kuwerenga pamutu, ndiye banja likalowa mtengo umawirikiza. Muli chakudya cham'mawa chokha kapena katatu patsiku? Zakumwa? VAT ndi msonkho wa zokopa alendo aphatikizamo kale? Loji ikakhala kutali ndi tauni simungathawire kumalo odyera otchipa, mudya pomwepo pamtengo wawo.

Ndipo chonde, akamberembere alipo. Munthu amatha kutenga zithunzi za loji yeniyeni, kutsegula tsamba pa Facebook, n'kumalandira madipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba. Ine ndinaimba nambala ya pa webusaiti yawo, n'kupempha kuti andiimbire pa vidiyo andionetse chipinda, bafa ndi gombe mmene zilili tsiku limenelo, chifukwa chithunzi chikhoza kukhala cha nyanja isanakwere. Ndalama ndinalipira ku akaunti ya kubanki yokhala ndi dzina la loji, lisiti n'kulisunga pafoni. Akakuuzani kuti tumizani ku nambala ya "manijala" chifukwa akaunti ili ndi vuto, dulani foni.

Kuti kwenikweni?

Maloto a ambiri ndi Likoma, makamaka Kaya Mawa, malo amene amatuluka m'magazini a kunja. Pachilumbapo palinso tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903. Koma kukafika kumafuna ndege yochokera ku Lilongwe, apo ayi sitima monga Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951 ndipo imadutsa kamodzi pa sabata mbali iliyonse. Kwa mausiku awiri, ndi makolo amene sanakwerepo ngakhale bwato, Likoma ndinamuchotsa pamndandanda msanga.

Kwa munthu wochokera ku Mzimba, dera loyambira ku Chintheche kutsika mpaka ku Kande ndi limene limapereka zambiri. Mchenga wake ndi woyera, wosalala ngati ufa, midzi ya asodzi ili pafupi, phokoso la tauni kulibe. Kuli malo ogona amene ankadziwika kuti Chintheche Inn, kumene chikondwerero cha Lake of Stars chinayambira n'kudzabwererakonso mu 2016. Kuli Makuzi Beach, kakona kobisika pakati pa miyala. Ku Kande kumakonda achinyamata, ndipo kumadziwika ndi kukwera mahatchi mpaka kulowa nawo m'madzi. Ngati mukufuna bata, funsani ngati kumapeto kwa sabata kumakhala zoimbaimba. Gombe lonseli linayang'ana kum'mawa, kutanthauza kuti dzuwa limatuluka m'madzi, sililowa m'madzi. Chithunzi chabwino chimafuna kudzuka isanakwane 6 koloko. Amama, amene moyo wawo wonse amadzuka nkhuku zisanatsike, anali atakhala kale pamchenga ine ndikufufuzabe nsapato.

Chimene chinawagwira mtima adada sichinali madzi ayi. Iwo ndi mkulu wa mpingo wa CCAP ku Embangweni, ndipo pafupi ndi magombe amenewa pali Bandawe, kumene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1881 atachoka ku Cape Maclear, asanakwere nayo ku Khondowe mu 1894. Tchalitchi chakale chilipobe, manda a amishoni oyamba aliponso. Mishoni ya kwathu ku Embangweni, imene Donald Fraser anatsegula mu 1902, ndi mphukira ya mtengo umenewu. Adada anavula chipewa, anayenda manda ndi manda akuwerenga zaka, ndipo anakhalako maola awiri pamalo poti ine ndinaika mphindi 30. Mukamakonza ulendo wa anthu ena, pulogalamu muzisiyamo mpata.

Pali mbiri inanso imene a Ngoni sitiikamba mokweza. M'zaka za m'ma 1870, Atonga amene anathawa m'manja mwa Angoni anamanga linga ku Chintheche, kwa Mankhambira, ndipo nkhondo imene inatsika kumapiri kudzawabweza inagonja. Woperekera zakudya wina, Mtonga wa nthabwala zake, atamva kuti tachokera kwa M'mbelwa anati, "Adada, ulendo uno mwabwera bwino, mwasiya chishango." Adada anaseka mpaka kutsokomola.

Chakudya chikambiranenitu musanafike. Malo apamwamba amaphika kwambiri za azungu, ndipo amama mukawapatsa supu ndi masamba osaphika amadikirabe kuti chakudya chenicheni chikubwera. Ndinalemberatu kukhitchini kuti pakhale nsima, ndipo tsiku lachiwiri anatiphikira kondoole ndi batala, nsomba yonona imene a ku Nkhata Bay amanyadira. Kondoole sachedwa kukhutitsa, ndipo satafuna, amangomeza. Mukaona chinthu ngati utsi chikufuka pakati pa nyanja musadabwe, si moto, ndi nkhungu, tizilombo touluka timene anthu akumeneko amagwira n'kupanga ndiwo.

Njira, mafuta ndi thupi lanu

Kuchoka pa boma la Mzimba mumatulukira mu M1, kudutsa nkhalango ya Chikangawa mpaka ku Mzuzu, makilomita opitirira 100. Kuchoka ku Mzuzu mumatsetsereka mu M5 makilomita pafupifupi 50 kulowera ku Nkhata Bay, kenako enanso pafupifupi 40 kummwera kukafika ku Chintheche, kudutsa m'munda wa mphira wa Vizara kumene anyamata amagulitsa mipira m'mbali mwa msewu. A ku Jenda ndi ku Champhira ali ndi njira inanso: kutsikira ku Kasungu, kulowa mu M18 kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, kumene bungwe la African Parks linasamutsira njovu zoposa 500 mu 2016 ndi 2017, kenako kukwera kudzera ku Dwangwa. Ndi yozungulira, koma mwina n'kuona njovu.

Pa Sienta ndi minibasi mukafika, koma muzisinthasintha, ndipo maloji ambiri ali patali ndi tala, ndiye kotsalako ndi pa kabaza, chikwama pamiyendo. Ife tinachita hayala galimoto. Mukatero, kambiranani za kogona ndi chakudya cha dalaivala, chifukwa malo ena ali ndi chipinda cha madalaivala, ena ayi. Thirani mafuta odzaza ku Mzuzu, ndipo ngati ndi nyengo ya mizere pa mafilingi, dalaivala awapezeretu dzulo lake. Ndalama za m'manja tapaninso ku Mzuzu komweko.

Ambiri a ife okulira kumtunda sitidziwa kusambira, ndipo palibe chochititsa manyazi. Sewerani m'madzi ofika m'chiuno, pamalo pamene eni loji akulozerani, kutali ndi mabango ndi pamene mtsinje ukulowera m'nyanja chifukwa ng'ona zimakonda pamenepo. Paboti valani jekete yoyandamitsa ngakhale woyendetsa akuseke. Malungo ndi ochuluka kunyanja kuposa kumapiri kwathu, choncho onetsetsani kuti neti ya m'chipinda ilibe zibowo, ndipo thupi likatentha sabata imodzi kapena ziwiri mutabwerako, kayezetseni tsiku lomwelo. Likodzo nalo lilipo m'madera ena a nyanjayi. Mankhwala ake, praziquantel, amagwira bwino pakapita masabata angapo kuchokera tsiku limene munalowa m'madzi, ndiye funsani kuchipatala nthawi yoyenera kumwa.

Tsiku lobwerera musatengeke ndi kusamba komaliza. Gulani nsomba zanu m'mawa asodzi akangofika, nyamukani isanakwane 11 koloko, mudye nkhomaliro ku Mzuzu, kuti Chikangawa mumudutse kukuwala. Msewu uja uli ndi makona, malole a matabwa, ndipo chifunga chikatsika madzulo dalaivala saona ngakhale mamita ochepa kutsogolo.