Mphezi pa Bwalo la Gofu

Pa 27 June 1975, pa mpikisano wa gofu wa Western Open kufupi ndi mzinda wa Chicago ku America, mphezi inawomba katswiri Lee Trevino ali chikhalire m'mbali mwa dziŵe, kudikira kuti mvula ikate. Anapulumuka, koma pambuyo pake anachitidwa opaleshoni ya msana. Mu 1991, pa mpikisano wa U.S. Open ku Hazeltine, oonerera ena anathaŵira patsinde pa mtengo kukausa mvula. Mmodzi anamwalira, asanu anavulala.

Bwalo la gofu ndi malo a tetete, mitengo ili patalipatali. Mphezi imakonda chinthu chachitali choima pachokha. Ikagwera mtengo, mphamvu yake imadumphira munthu amene ali pafupi, kapena imayenda m'nthaka ndi kumuloŵera kumapazi. Choncho mtengo umene umatchinga mvula ndiwo umaitana imfa.

Lero lamulo la maseŵeraŵa ndi lokhwima. Lipenga likalira kamodzi motalika, aliyense asiye pomwepo; wokakamira amachotsedwa mu mpikisano. Anthu amaloŵa m'nyumba ya makoma kapena m'galimoto yotseka, pakuti chisakasa ndi ambulera siziteteza, ndipo akatswiri amalangiza kudikira mphindi 30 chilekere bingu lomaliza.

Mlimi ali kumunda ndi mnyamata woŵeta ng'ombe kudambo ali pangozi yomweyo. Bingu likamveka, ndiye kuti mphezi ikhoza kufika.

Wowombedwa ndi mphezi sasunga magetsi m'thupi. Agwidwe msangamsanga popanda mantha. Ngati sakupuma, apsinjidwe pachifuwa mobwerezabwereza ndi kuthamangira naye kuchipatala.