M'MERA MPOYAMBA PA THABWA LA CHESI

Mu caka ca 2018 mzinda wa Livingstone unalandira akatswiri a masewera a chesi ocokera m'maiko osiyanasiyana, amene anadzalimbirana ukatswiri wa Africa yense. Anapambana ndi a Bassem Amin a ku Egypt, ndipo kumbali ya akazi anapambana a Shahenda Wafa, a ku Egypt komweko.

Kwa ozolowera nsolo, chesi ndi mbale wace. Amasewera anthu awiri pa thabwa la zipinda 64, yense ndi ankhondo 16: mfumu, mfumukazi, mabishopu awiri, akavalo awiri, malinga awiri ndi asilikari 8. Wotsekereza mfumu ya mnzace kuti isowe kothawira ndiye wapambana.

M'makalabu a chesi phunziro lalikuru ndi la kayambidwe, pakuti wolakwa poyamba amavutika kufikira mapeto, monga mlimi wocedwa kubzala.

Ophunzira ambiri amakonda njira ya cidule. Amakankha msilikari wa patsogolo pa mfumu, naturutsa bishopu ndi mfumukazi, onse awiri kulunjika pa msilikari amene atetezedwa ndi mfumu yokha. Mdani akagona, masewera amatha pa kusuntha kwacinai. Koma wocenjera amatseka njira, nayamba kupitikitsa mfumukaziyo uku akuturutsa ankhondo ace, ndipo wofulumira uja amatsala m'mbuyo.

Akatswiri ambiri amatsata njira ina, yochedwa Ruy Lopez, dzina la wansembe wa ku Spain amene anailongosola m'buku lace mu 1561. Woyamba amakankha msilikari wa mfumu zipinda ziwiri, mnzace nacita comweco. Kenaka aturutsa kavalo kuopseza msilikari wa mdani, mdaniyo naturutsa kavalo wace kumteteza. Pamenepo bishopu apita kukaopseza kavalo wotetezayo. Palibe wadyedwa, koma woyamba wagwira pakati pa thabwa ndipo mfumu yace iri pafupi kubisala kuseri kwa linga. Phindu la njirayi limaoneka mocedwa, koma limakhalitsa.

Zambia ali naye kale mwana amene anaonetsa kuti masewerawa si a Azungu okha. A Amon Simutowe analandira ulemu wa Grandmaster mu 2009, oyamba mu Africa yense wa kumwera kwa cipululu ca Sahara.

Aphunzitsi ndi makolo a kumidzi alimbe mtima. Thabwa lingajambulidwe pa katoni, ankhondo naumbidwa ndi dothi. Cofunika ndi kuphunzitsa mwana kayambidwe kabwino asanazolowere zacidule.