Ntchito ya kuchipatala sigulidwa ndi ndalama za nandolo

Nyengo yokolola ikafika kuno ku Milange, ndalama zimaoneka m'manja. Mwagulitsa chimanga, nyemba kapena nandolo. Apa ndi pamene pamatulukira munthu wolankhula monong'ona: "Kuchipatala kuli vaga. Mukandipatsa kangachepe, mwana wanu alowa." Inu mumagulitsa mbuzi n'kuwonjezera pa za nandolo zija. Mwezi ukatha, foni yake sikupezekanso.

Musataye thukuta lanu chotere. Ntchito ya zaumoyo ili ndi makomo atatu odziwika, ndipo palibe khomo limene limatsegulidwa ndi chiphuphu.

Khomo loyamba lili m'mudzi mwanu

Mumawadziwa a APE, aja amayenda ndi chikwama cha mankhwala m'midzi ya kutali ndi chipatala, monga ku Majaua ndi ku Mongue. Dzina lawo lonse ndi Agente Polivalente Elementar, ndipo masiku ano ena amawatchula APS. Ntchitoyi inayamba mu 1978, n'kudzutsidwanso mu 2010.

APE amayeza malungo. Amathandiza ana otsegula m'mimba ndi odwala chibayo. Amaphunzitsa za madzi abwino, zimbudzi ndi katemera. Matenda akakula, amatumiza wodwalayo kuchipatala.

APE amasankhidwa ndi anthu a m'mudzi momwe akukhala, pamodzi ndi atsogoleri awo ndi a zaumoyo. Ayenera kukhala wamkulu, wodalirika, wodziwa kuwerenga ndi kulemba Chipwitikizi, komanso masamu oyambira. Akasankhidwa amapita kukaphunzira miyezi ingapo. Dziwiranitu kuti amalandira kathandizo kochepa chabe, osati malipiro a wantchito wa boma.

Mwaona? Zilembo zimene mukuphunzira ku alfabetização ndi zomwezo zimene APE amalembera dzina la wodwala ndi mlingo wa mankhwala. Amayi, khomoli ndi lanunso. A APE ambiri ndi amuna, chonsecho pali zinthu zimene mayi woyembekezera amamasuka kuuza mayi mnzake yekha.

Khomo lachiwiri ndi concurso

Ntchito ya boma kuchipatala, kaya yosesa m'zipinda za odwala, yoyendetsa ambulansi kapena ya unamwino, imalowedwa kudzera pa mpikisano wotchedwa concurso. Chidziwitso chake, edital, chimamatidwa poyera. Kaonenitu pa bolodi la ofesi ya zaumoyo ya boma lathu, SDSMAS. Edital imanena malo angati alipo, kalasi yofunika, mapepala ofunika ndi tsiku lotseka.

Werengani nokha. Pakakhala mawu ovuta, pitani nayo kwa aphunzitsi anu. Ntchito imene palibe edital yake, ikayikireni.

Khomo lachitatu ndi sukulu

Unamwino, uzamba, ntchito ya mankhwala ndi ya técnico de medicina zimafuna maphunziro a sekondale, kenako sukulu ya zaumoyo, monga Instituto de Ciências de Saúde ya ku Quelimane. Kumeneko amalowa polemba mayeso. Ngati mwana wanu akufuna sukulu yolipira, yambani mwafunsa ngati ili yovomerezeka ndi boma, musanapereke ndalama.

Tikuuzeni zoona: ngakhale amene amaliza maphunzirowa amadikira concurso, ena nthawi yaitali. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mapepala: pamene ambiri a m'malire amagwera

Concurso nthawi zambiri imafuna BI, NUIT, satifiketi ya sukulu, registo criminal ndi kalata ya dokotala yosonyeza kuti muli ndi thanzi. Masiku olandira mapepala amakhala ochepa. Woyamba kufunafuna BI edital itatuluka kale amapeza khomo latsekedwa.

Kuno tili ndi vuto lathulathu. Nthawi ya nkhondo mabanja ambiri anathawira ku Malawi, ndipo anabwerera pambuyo pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992. Ena anabadwira tsidya lija ndipo sanalembetsedwe kuno. Ena mpaka lero amawoloka ku Muloza kukaphunzira. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, chitani ziwiri izi.

Choyamba, ngati simunalembetse kubadwa kwanu, pitani ku Registo Civil. Popanda pepala limenelo BI situluka.

Chachiwiri, satifiketi ya ku Malawi, monga MSCE, iyenera kuvomerezedwa kuno. Kuvomerezako kumatchedwa equivalência. Kafunseni njira yake ku ofesi ya maphunziro, SDEJT. Zimatenga nthawi, choncho yambani msanga.

Onaninso kalembedwe ka dzina lanu. Likhale lofanana pa mapepala onse, ndi tsiku lobadwa lomwe. Dzina lolembedwa mwa Chingerezi pa satifiketi koma mwa Chipwitikizi pa BI likhoza kukubwezani pakhomo.

Wina akakupemphani ndalama

Mapepala ena amalipiridwa, inde, koma pa ofesi, ndipo mumalandira lisiti. Ndalama yoperekedwa kuseri kwa msika, yopanda lisiti, ndi chiphuphu. Lamulo limalanga wolandira ndi wopereka yemwe. Mtsikana akauzidwa kuti agone ndi munthu kuti apeze malo, umenewonso ndi mlandu. Kanenani kupolisi kapena ku Procuradoria.

Ganizirani izinso. Wolowa ntchito ndi ndalama, asakudziwa kuwerenga mlingo wa mankhwala, tsiku lina adzasamalira mwana wanu.

Sabata ino, tulutsani mapepala anu onse muwaone bwino. Losowa, yambani kulitsata. Tsiku lopita kumsika ku vila, dzerani pa bolodi la SDSMAS. Ndipo mawa, kalasi ikayamba, mukapezeke pa mpando wanu. Ndalama za nandolo zigule makope ndi mbewu.