Laputopu Yakalamba: Tiikonze Kapena Tigule Ina?

 Madzulo ano tikambirana za kompyuta yonyamula m'manja ija imene timaicha laputopu. Munthu anaigula zaka zapitazo kuti mwana wace aziphunzirirapo, kapena kuti azilemberapo ndalama za pa kantemba kace. Tsopano yayamba ulesi. Akaiyatsa m'mawa, madzi a tiyi awira ndi kuzirala iyo isanadzuke. Pamenepo mwini wace afunsa kuti, kodi ndiikonzetse, kapena ndiyambe kusunga ndalama za ina?

Funso limeneli silingayankhidwe ndi munthu amene sanayambe wapima matenda a makinawo. Inu a pa mgodi mudziwa bwino ulendo wa mwala wa mkuwa. Ukumbidwa pansi, ukwezedwa pa shafuti, uunjikidwa pamwamba, ndipo ucoka pa muluwo kulowa m'makina ouphwanya. Ngati cikepe ca pa shafuti cikwera mwaulesi, makina ophwanya miyala angokhala cabe kudikira, ngakhale akhale amphamvu cotani. Kapitao wanzeru sapempha makina ena ophwanyira. Atuma anthu kukakonza pa shafuti. M'kompyuta namonso muli zinthu zitatu zotere. Disiki, m'mene musungidwa makalata anu, zithunzi ndi mapulogalamu, ndiyo mgodi pamodzi ndi shafuti yace. RAM ndiyo bwalo la pamwamba pamene paunjikidwa zimene makina alikugwirapo nchito nthawi yomweyo. Purosesa ndiyo yophwanya. Mwa zitatu izi, ziwiri zoyambazo zitheka kusinthidwa m'malaputopu ambiri. Yacitatuyo kawiri-kawiri inamatidwa ndi mtovu ndipo sicotsedwa.

Tsono mungadziwe bwanji cimene cirikudwala? Ngati muli ndi Windows, dinani pamodzi mabatani atatu awa, Ctrl, Shift ndi Esc. Padzatseguka Task Manager. Sankhani pamene palembedwa Performance, ndipo mudzaona maina atatu, CPU, Memory ndi Disk, liri lonse ndi muyeso wace. CPU ndiyo purosesa, Memory ndiyo RAM. Gwirani nchito yanu ya masiku onse uku mulikuyang'ana pamenepo. Mukaona kuti Disk yaima pa 100 peresenti pamene CPU iri pansi, dziwani kuti bvuto liri pa shafuti, ndipo mwacita mwai, pakuti matenda amenewa ndiwo osabvuta kuciza pa onse.

Ndifuna kukhalitsa pang'ono pa nkhani ya disiki, cifukwa ndipo pamene anthu ambiri ataya ndalama zao mosayenera, kugula makina atsopano pamene akale anali ndi bala limodzi lokha. Disiki ya mtundu wakale iri ndi timbale m'kati mwace tozungulira nthawi 5,400 pa mphindi imodzi m'malaputopu ambiri, ndi kamkono kamene kayenda-yenda pamwamba pa timbaleto kufuna-funa cimene mwapempha, monga mkono wa galamafoni. Kuyenda kumeneko kudya nthawi. Disiki ya mtundu watsopano, yochedwa SSD, iribe kanthu kali konse koyenda. Isunga zinthu m'timacipi monga icitira foni yanu. Powerenga cinthu cimodzi cacikulu, disiki yakale ipereka mamegabaiti monga 100 pa sekondi, pamene SSD wamba ya mtundu wa SATA ipereka monga 500. Koma kusiyana kweni-kweni kuoneka pa tinthu ting'ono-ting'ono. Pamene Windows irikudzuka iwerenga timafaelo tambiri-mbiri tomwazika pa disiki ponse, ndipo kamkono kaja kayenera kuthamangira kali konse pa kokha. SSD iribe ulendo wotere. Ndico cifukwa cace makina amene anali kutenga mphindi zingapo kudzuka angathe kudzuka mphindi imodzi isanathe, purosesa iri yomweyo yakale. Cinanso, SSD siopa kugwedezeka kwa minibasi pa mseu wa maenje, kumene kwaononga madisiki akale ambiri.

Malaputopu ambiri akale alandira SSD ya mainchi 2.5, ndipo pa ena kuiika ndi nchito yomasula timasikuluwu pang'ono cabe. Ena atsopanopo alandira ya mtundu wa M.2, kanthu kopyapyala kotalika ngati cala. Musagule musanaone kuti makina anu afuna iti. Ya magigabaiti 256 ikwanira munthu wa makalata ndi nchito ya sukulu. Wa zithunzi zambiri agule ya 512. Ndipo musanapereke makina anu kwa wokonza ali yense, yambani mwakopera zinthu zanu zofunika pena pace.

Za RAM sindinena zambiri. Ngati Memory ikhala yodzala nthawi zonse mukatsegula masamba angapo a pa intaneti, bwalo lanu lacepa. Magigabaiti 4 masiku ano ndi opanikiza. 8 akwanira anthu ambiri. Task Manager yomweyo idzakuuzani kuti malo oikamo RAM ndi angati ndi kuti ogwiritsidwa nchito ndi angati. Cenjerani cabe kuti DDR3 silowa m'malo a DDR4, pakuti kampata kace kali pa malo osiyana, ndipo m'malaputopu ena opyapyala RAM inamatidwa kotheratu.

Pali matenda ena amene anthu awayesa ukalamba, pamene liri pfumbi cabe. Mukatsegula laputopu mudzaona kampope kofiira kocokera pa purosesa kupita ku kafani. Kameneko ndi ka mkuwa, citsulo comweco cimene mukumba inu. M'kati mwace muli timadzi pang'ono timene tisanduka nthunzi ku mbali yotentha ndi kukazirala ku mbali ya fani, kunyamula kutentha kuturuka nako kunja. Pfumbi la mwezi wa September ndi October likatseka njira ya mphepo, purosesa itentha, ndipo kuti isapse icepetsa yokha liwiro lace. Makina otere apuma mwaphokoso ndi kutentha pa miyendo. Kuwapukuta m'kati ndi kupaka phala latsopano lozizira pa purosesa ndi nchito ya mtengo wocepa kopambana zonse.

Batire nalo liyenera kulowa m'ciwerengero. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maora ambiri pa tsiku. Masiku otere laputopu yopanda batire labwino isiyana pang'ono cabe ndi thabwa. Batire la lithium licepa mphamvu caka ndi caka ngakhale mulisamale bwanji, ndipo labwino silotsika mtengo. Koma mverani ici: mukaona kuti pamene muyendetsa cala patukuka, kapena kuti cibvundikiro ca pansi cirikung'ambuka cokha, batire latupa. Zimani makinawo, musawaikenso ku magetsi, ndipo musaboole batirelo, pakuti lingathe kuyaka moto.

Zonse ndanenazi zirikukoka mtima ku mbali ya kukonza. Tsopano tifike pa cipupa cimene SSD kapena RAM sizingathe kugumula.

Pa 14 October, 2025, kampani ya Microsoft inaleka kupereka kwa anthu onse zokonza za citetezo za Windows 10. Inatsegula njira yakuti olembetsa alandirebe zokonzazo kufikira pa 13 October, 2026, koma umenewo unali mpumulo cabe. Windows 10 sileka kuyaka cifukwa ca ici, iai. Cimene cicitika ndi cakuti mbala za pa intaneti zikapeza ciboo catsopano, palibenso wobwera kudzacitseka. Kwa munthu woonera mafilimu ndi kulemba makalata popanda intaneti, ici sicimbvuta kweni-kweni. Koma kwa inu amene mulowa ku banki, kuona za NAPSA, kapena kulipira msonkho wa ZRA pa makina omwewo, ndi nkhani yoti muiganizire bwino.

Yolowa m'malo mwace, Windows 11, inaturuka mu 2021, ndipo isankha makina. Ifuna kacipi ka citetezo kochedwa TPM 2.0, ndiponso purosesa yosakalamba. Pa za Intel, kawiri-kawiri ya mbadwo wa 8 kapena yotsatira. Mbadwo muudziwa pa nambala yotsata dzina. Core i5-3320M iyamba ndi 3, ndiyo ya mbadwo wa 3, ya caka ca 2012. Core i5-8250U iyamba ndi 8, ya mbadwo wa 8, ya caka ca 2017. Nambala ikayamba ndi 10, 11 kapena 12, monga i5-1135G7, werengani manambala awiri oyambawo. Amene makina ao ali ndi purosesa ya AMD, kapena ali yense wokayika, angathe kufunsa pulogalamu ya Microsoft yochedwa PC Health Check, imene iyankha poyera kuti makinawo alandira Windows 11 kapena iai.

Cotero maganizo anga ndi awa. Ngati purosesa yanu ndi ya mbadwo wa 8 kapena yoposa, ndipo galasi ndi mabatani ziri bwino, konzani makina anu. Kugula ena kungakhale kutaya ndalama. Ngati ndi yakale kuposa pamenepo, musathiremo ndalama zambiri. Lembani pa pepala mtengo wa zonse zofunika, SSD, RAM, batire, caja, mahinji osweka, ndipo ngati ciwerengero cipitirira theka la mtengo wa laputopu yogwirapo kale nchito ya mbadwo wa 8, alekeni makinawo apumule. Koma ngati cofunika ndi SSD yokha, igulenibe, pakuti SSD sitayika. Tsiku limene mudzagula makina ena mudzaiika m'kabokosi ka USB ndi kusungiramo zinthu zanu.

Makina okanidwa ndi Windows 11 ali ndi njira ina, ndiyo Linux, imene ipatsidwa kwaulere ndipo ilandirabe zokonza za citetezo. Mtundu wace wodziwika kwambiri, Ubuntu, unayambidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi mbale wa liu lathu lakuti umunthu. Wina wochedwa Linux Mint maonekedwe ace afanana ndi Windows, kotero kuti munthu sasocera masiku ambiri. Intaneti iyenda bwino-bwino pamenepo, ndipo LibreOffice itsegula makalata a Word ndi Excel. Laputopu ya 2012 yokhala ndi SSD ndi Linux Mint ikwanira ndithu mwana wa ku sekondale. Koma mapulogalamu ena, monga AutoCAD, sanapangidwire Linux. Mwana amene alikuphunzira uinjiniya ku Copperbelt University ayambe wafunsa aphunzitsi ace za mapulogalamu ofunika makolo asanasankhe.

Kwa inu amene mwatsimikiza kugula, mau akuti "yatsopano" asakunyengeni. Makolo anati cikome-kome ca nkuyu m'kati muli nyerere. Laputopu zina zonyezimira za m'bokosi, zotsika mtengo kopambana, ziri ndi purosesa yofooka ya Celeron, RAM ya magigabaiti 4 yomatidwa, ndi mosungira mwa magigabaiti 64 cabe. Simungathe kuonjezamo kanthu, ndipo zidzala Windows ikangodzikonza kangapo. Makina amene anagwira nchito m'maofesi a maiko akunja, monga ThinkPad T480, HP EliteBook 840 G5 kapena Dell Latitude 5490, onse a caka ca 2018, ndi olimba kuposa amenewo ndipo atsegulidwa mosabvuta. Koma ngakhale pa awa werengani nambala ya purosesa ndi maso anu, pakuti ena a maina omwewa anaturuka ndi ya mbadwo wa 7. Wogulitsa akati, "Iyi ndi i7, bwana," mufunseni kuti i7 ya mbadwo uti, cifukwa i7 ya 2012 ingathe kupitiriridwa ndi i5 ya 2018. Ndipo musakhulupirire cifukwa cakuti mwaona Windows 11 pa galasi. Okonza makina adziwa njira yoikakamiza pa makina osayenera, ndipo Microsoft inanena poyera kuti silonjeza zokonza zace kwa makina otere. Yatsani laputopuyo m'sitolo momwemo, tsegulani Task Manager, icotseni ku magetsi muone m'mene batire litsikira, yesani batani liri lonse, ndipo pemphani lisiti lolembedwa masiku amene mungaibweze. Kutenga kaloba cifukwa ca kompyuta sindikubvomereza konse. Ndi bwino kuika SSD m'makina akale ndi kusunga ndalama miyezi ingapo.

Kompyuta ya pa tebulo ipereka mphamvu zambiri pa ndalama zomwezo ndipo ikonzedwa mosabvuta, koma magetsi akazima nayo izima pomwepo, pamodzi ndi nchito imene simunasunge. Iyenera a m'maofesi okhala ndi sola kapena jenereta.

Nanga makina akale aja mucite nao ciani? Musanawagulitse kapena kupatsa mphwanu, cotsanimo disiki. M'menemo muli cithunzi ca citupa canu ca NRC, mapepala a malipiro, makalata a banki ndi zithunzi za banja, ndipo kungofafaniza mafaelo sikuwacotsa kotheratu. Munthu wodziwa angathe kuwabwezeretsa. Disikiyo isungeni m'nyumba mwanu. Batire lakale musalitaye m'dzala limene mutentha zinyalala, kapena m'cimbudzi ca dzenje. Liperekeni kwa wokonza makina amene asonkhanitsa zotere.