Njinga yamoto yabwino ndi imene sipanala imafika paliponse

Njinga yamoto siifa tsiku limodzi. Imayamba kudwala mwini wake akamadumphitsa tintchito ting'onoting'ono monga kuona mlingo wa oyilo, kutsuka sefa ya mpweya, kukunga tcheni ndi kuchidonthezera mafuta, kumasula pulagi n'kuona ngati yada, ndi kuchuna mavavu. Tintchito timeneti sitilira sukulu yapamwamba. Chimene timafuna n'chakuti dzanja ndi sipanala zifike pamalo oyenera popanda kuphwasula theka la njinga. Apa ndi pamene njinga zambiri zamakono zikulephera, ndipo ine ndikuti vutoli limayambira kwa amene anazipanga, ngakhale kuti mlandu umagwera mwini njinga, amene timafulumira kumunena kuti ngosasamala.

Taonani mmene zinthu zilili pa njinga zina zotchuka. Honda Gold Wing GL1800, njinga yaikulu ya masilinda 6 imene inatuluka mu 2001, ili ndi sefa ya mpweya yokwiriridwa pakatikati. Kuti munthu aifike ayenera kuchotsa chishalo, mapulasitiki apamwamba ndi mawaya amene ali pamenepo, moti ntchito yoyenera kutha m'mphindi zochepa imadya maola. Pa Suzuki SV650, kuti mufike pulagi ya silinda yakutsogolo mumayamba mwamasula ladiyeta n'kuikankhira patsogolo, ndipo ya kumbuyo mumaipeza mutatukula thanki. Pa njinga zambiri zothamanga za masilinda 4, mapulagi ali pansi pa thanki ndi bokosi la mpweya, ndipo mavavu amachunidwa ndi tizitsulo tophwaphwatika tobisika pansi pa kamushafuti, choncho kusintha kamodzi kokha kumafuna kuti kamushafutiyo atuluke. Izi ndi njinga zolimba, zopangidwa mwaluso. Koma pozipanga, munthu amene adzagwade pambali pake ali ndi sipanala m'manja anamuganizira pomaliza.

Zotsatira zake n'zodziwikiratu kwa aliyense amene amadziwa mtima wa munthu. Ntchito ikakhala yophweka imagwiridwa pa nthawi yake, koma ikakhala yotopetsa imasungidwira mawa, ndipo mawalo silifika. Amene amayesetsa kuigwira yekha amathyola timano ta pulasitiki togwirira zivindikiro, mabawuti amasokonekera, ndipo njinga imabwerera pamsewu ikuchita phokoso lomwe inalibe. Wopita nayo ku galaja amalipira nthawi ya makaniko, ndipo gawo lalikulu la nthawiyo limathera pa kumasula ndi kubwezeretsa zinthu zomwe zinalibe vuto. Pomwepo sefa yotsekeka ikupanikiza injini n'kumadyetsa mwini wake petulo wambiri. Ikang'ambika, fumbi limalowa n'kumapala silinda ngati msasa. Vavu yothina imapsa. Ndipo zina sizithera pa ndalama: tcheni chimene sichinaonedwe chikhoza kuduka kapena kuvuka njinga ili pa liwiro, kumbuyo kuli mayi wobereka mwana.

Mbiri ikutionetsa kuti opanga njinga amatha kuganiza mwanjira ina akafuna. Mu 1974 kampani ya Honda inatumiza akatswiri ake m'mayiko ngati Thailand, Indonesia, Philippines ndi Pakistan kuti akaone chifukwa chimene njinga zake sizinkakhalitsa kumeneko. Anakapeza njinga zikusenza banja lonse ndi katundu, oyilo akugwiritsidwa ntchito mpaka kulimba, sefa zosatsukidwa, ndipo anthu ankapita kwa makaniko pokhapokha njinga ikaima. Akatswiriwo sanabwerere kwawo n'kukalemba kuti ogula ndi mbuli. Anapanga njinga yogwirizana ndi moyo umene anauona, CG125, imene inayamba kugulitsidwa mu 1975. Anatsitsa kamushafuti kumuika m'munsi mwa injini momwe oyilo sasowa, anaika sefa ya siponji yoti munthu atsuke n'kubwezeretsa, ndipo tcheni anachivindikira kuti chisamamwe fumbi. Mavavu ake amafikika mutangochotsa chivindikiro chimodzi pamutu pa injini, ndipo amachunidwa ndi nati ndi kasikulu. Mapangidwe amenewa anakoperedwa ndi mafakitale ambiri a ku China, ndipo njinga zochuluka zimene anyamata a kabaza akuyendetsa ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi m'matauni ang'onoang'ono zili ndi injini za mtundu umenewu kapena zophweka mofanana nawo. N'chifukwa chake makaniko wa pansi pa mtengo pamsika amatha kukonza njinga yotere mwini wake akudikira.

Wina anganene kuti kuyerekeza CG125 ndi njinga zamakono n'kukondera, ndipo mfundo yake ili ndi mutu. Malamulo oletsa utsi, monga a Euro 5 amene anayamba kugwira ntchito ku Ulaya mu 2020, amakakamiza opanga kuwonjezera masensa, kompyuta ya injini ndi zoyeretsera utsi. Mabuleki a ABS, amene amapulumutsadi miyoyo, amafunanso malo awo. Zonsezi ziyenera kukwana pakati pa matayala awiri ndi miyendo ya munthu. Ndikuvomereza. Koma kuchepa kwa malo kumangotanthauza kuti pafunika kusankha chimene chikhale kunja ndi chimene chikhale mkati, ndipo nzeru ingafune kuti chogwiridwa kawirikawiri chikhale pafupi ndi dzanja. Honda yomweyo, pa NC700 ya mu 2012, inapanga injini yamakono yotsatira malamulo a utsi koma mavavu ake akuchunidwabe ndi nati ndi kasikulu. BMW yakhala ikupanga njinga za masilinda otulukira m'mbali kuyambira pa R32 ya mu 1923, ndipo mpaka lero munthu amafika pa mavavu ake atakhala pa mpando pambali pa njinga. Choncho mphamvu ndi ukhondo wa utsi sizikakamiza aliyense kubisa pulagi. Nthawi zambiri chimene chimabisa ndi kufuna kuti njinga ioneke yosalala pamalo ogulitsira, ndi kufuna kuti isonkhanitsidwe mofulumira m'fakitale, momwe injini imalowetsedwa m'felemu thanki ndi mapulasitiki zisanaikidwe.

Mfundo ina imene imanenedwa ndi yakuti njinga zamakono sizifuna kutsegulidwa pafupipafupi. Zoonadi, pa njinga zina za Yamaha mavavu amaonedwa pakatha makilomita pafupifupi 40,000, ndipo pa mavavu pokha mfundoyi ndi yolimba. Koma sefa ya mpweya siiwerenga buku la kampani. Mabuku omwewo amanena kuti njinga yoyenda m'fumbi iyenera kusamalidwa kawirikawiri kuposa mmene ndandanda ikusonyezera, ndipo amene anayendapo mumsewu wadothi m'mwezi wa Okutobala akudziwa kuti kuno fumbi ndi la tsiku ndi tsiku.

Ndiye pali onena kuti zonsezi n'za makaniko, mwini njinga asamagwiregwire. Maganizo amenewa amagwira ntchito kumene galaja ya kampani ili pafupi ndipo thumba ndi lolemera. Mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo amene ali kutali ndi boma, njinga ikamuthera, odwala ndi alimi ndiwo amadikira. Bungwe la Riders for Health, limene limayendetsa njinga za ntchito zaumoyo m'mayiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo Malawi komwe limanyamula magazi ndi zina zokayezedwa, linamanga ntchito yake yonse pa mfundo yakuti woyendetsa aziyendera njinga yake m'mawa uliwonse asananyamuke: petulo, oyilo, kukunga kwa tcheni, manati ndi mabawuti, mabuleki ndi matayala. Dongosolo loterolo limatheka pokhapokha zinthuzo zikuoneka ndi kufikika.

Nkhaniyi ikutiyandikira kuposa mmene tikuganizira. Dziko la India, kwawo kwa makampani a njinga a Bajaj ndi TVS, linakhwimitsa malamulo a utsi mu Epulo 2020, ndipo njinga zambiri zogulitsidwa kumeneko zinasiya kabuleta n'kuyamba kupopera petulo motsogozedwa ndi kompyuta. Njinga zoterezi zimamwa mafuta ochepa ndipo sizoipa konse, koma zikadzachuluka kuno, makaniko wapamsika adzafunika makina owerengera matenda a injini ndi maphunziro ake. Ku Ulaya lamulo la mu 2013 limalamula opanga njinga kupereka malangizo okonzera kwa amakaniko oima paokha. Oitanitsa njinga kuno ayenera kufunsidwa zomwezo.

Choncho inu amene mukufuna kugula njinga, kaya ndinu wa kabaza, wa bungwe kapena wogulira boma, musathere pa mtengo, mtundu wa penti ndi makilomita a pa lita. Muuzeni wogulitsayo atulutse pulagi, sefa ya mpweya ndi batire inu mukuona, pogwiritsa ntchito zida zomwe zabwera ndi njingayo, ndipo akusonyezeni potsitsira oyilo ndi pokungira tcheni. Akayamba kukanda m'mutu n'kumati zimenezo n'za ku galaja, kaoneninso njinga ina musanatulutse ndalama.